Mlandu Woyamba wa Whyson

"Ine ndikhale pa ndowa? Pa ndowa, m'nyumba ya mkulu wanga?"

Ba Moven anali atakhalapo kale pa ndowayo, yovundikira, pakati pa chipinda chochezera. M'chipindamo munatsala kalendala ya tchalitchi pakhoma ndi mawanga anayi pansi, pamene pankaima miyendo ya sofa. Akati atembenuke, ndowa inkalira.

"Alamu, nakuuzani kale," anayankha ba Norah, mkazi wa malemu, atakhala pa mphasa ndi mpango wakuda kumutu. "Pamaliro timachosa vinthu panja kuti bantu bapeze pokhala. Bantu banali bambiri, ine ninali kulira. Munafuna nizilira na diso limodzi, linzake lizilonda firiji?"

"Zotuluka panja zimabwerera m'nyumba, mlamu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiikireni maliro. Sofa ili kuti? Firiji? Wailesi ya kanema? Makina osokera aja?"

"Makina ni anga."

"Anagula ndani?"

"Banagula ba Fred, banapasa ine. Zaka khumi na zisanu nisokerapo mayunifomu a bana ba sukulu. Ndiye yamene yatidyesa kuchokera pamene nchito ya ba Fred inasila."

"Ndiye mwavomera nokha. Anagula Fred. Cha Fred ndi cha a Miti, ndipo a Miti kumudzi anasankha ine kukhala woyang'anira chuma chake, adiministireta."

Mawu omalizawo ba Moven ankawatchula pang'onopang'ono, ngati munthu wobwira shuga. Anali atawaphunzira m'basi pochokera ku Chipata, ndipo sankafuna kuti athe msanga. Anawonjezera kuti Loweruka la sabata yachitatu mnzawo wa lole adzadutsa akubwerera kummawa wopanda katundu, ndipo lole imeneyo sidzachoka mu komboni ya George, mu Lusaka muno, yopepuka.

Whyson, mwana yekhayo wa m'nyumbamo, anali ataima pakhomo akukanda chigongono. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Zaka ziwiri mwa zimenezo anazithera pa koleji ina m'tauni, kufikira pamene kwacha inagwa, fakitale ya atate ake inatseka, atatewo n'kudwala. Mabuku ake tsopano ankagona m'thumba la ufa pansi pa bedi. Masiku a maliro iye sanaone chotuluka kapena cholowa, pakuti ankathamanga pakati pa chipatala, wokhoma bokosi ndi manda a ku Chingwere.

Ba Moven anamutembenukira, ndowa n'kulira.

"Iwe Whyson. Mkulu wanga ankatiimbira foni kumudzi kuti mwana wake akuphunzira za akuba. Tinkadabwa ife kuti ku Lusaka akuba afika pokhala ndi sukulu yawoyawo."

"Ni kiriminoloje, ba ankolo. Timaphunzira chifukwa chamene bantu bapalamulira milandu, na mwamene makhoti..."

"Usanditchule ankolo. Ndine atate ako tsopano. Ngati unaphunziradi, peza katundu wa mkulu wanga."

Chichokereni ku koleji, palibe amene anapemphapo Whyson kuchita chinthu chofuna mutu. Ankatumidwa makala, madzi ndi mankhwala. Tsopano chifuwa chake chinakula chokha. Za lole sanazide nkhawa: lamulo ankalidziwa, ndipo ankaganiza kuti munthu wamkulu ngati ba Moven ukamuwerengera lamulo mwaulemu amamva. Choyamba n'kupeza makina a amayi ake, ayambenso kusoka.

Anayang'ana amayi akewo. Iwo anali atamutuzulira maso, akuphethira mwamphamvu, mutu ukugwedezeka pang'ono kumanzere ndi kumanja. Whyson anakumbukira zimene analemba chaka choyamba, zoti anthu oberedwa nthawi zambiri thupi lawo limanjenjemera lokha. Anawamvera chisoni kwambiri.

"Musadandaule, amama," anatero. "Nizavipeza vonse."

Ba Norah anagwira kumutu ndi manja awiri.

M'mawa mwake Whyson anadula mapepala a pulasitiki oyera, n'kuwalumikiza kukhala chingwe chachitali, n'kuchimanga pakhomo la chipinda chochezera kuti pasadutse munthu. Ba Moven anakodwamo akupita kukasamba ndipo anatukwana m'zilankhulo ziwiri. Kenako mnyamatayo anatenga kope lake lakale, n'kung'amba masamba a mayeso amene sanalembe, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

Anayambira pa kantemba ka ba Marjory, kamene kanayang'anizana ndi nyumba yawo. Ba Marjory atamuona ndi kope anamwetulira ndi mano onse, n'kumutungira madzi a m'firiji. Madziwo anali ofunda, poti magetsi anali atapita kuyambira mbandakucha.

"Simunaoneko munthu wachilendo pa siku ya maliro?"

"Bonse banali bachilendo, mwana wanga. Maliro ni maliro."

"Iyi firiji mwagula manje manje?"

"Ni ya mulongosi wanga wa ku Matero."

"Yapindika pa chitseko monga yathu."

"Zonse za mutundu uyu zimapindika pamene apo. Zimabwera choncho kuchoka ku fakitale."

Whyson analemba zimenezo, poti zinali zatsopano kwa iye.

Kwa Chisala wometa tsitsi anapeza wailesi ya kanema imene batani lake la mawu linali lotsekera ndi kamtengo ka machesi. Anauza Chisala kuti atate ake nawonso ankachita chimodzimodzi. Chisala anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati nzeru za amuna zimafanana. Anamumeta ndevu mwaulere ndi lezala, akumutembenuzira nkhope kukhoma.

Ba Virginia, mayi wamkulu thupi amene ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi kamsika ka kumapeto kwa msewu wawo, sanamulowetse n'komwe. Anaima pakhomo, chitseko chonse n'kudzaza.

"Mukati muli vovala vanga va mukati, nayanika. Ufuna kufufuza na ivo?"

"Awe, ba Virginia. Nifuna chabe kufunsa ngati..."

"Idya."

Funso lililonse limene Whyson ankati ayambe, ba Virginia ankamulowetsa chitumbuwa chotentha m'kamwa. Anachokapo atadya zisanu, osalemba kanthu, milomo ili ndi mafuta.

Madzulo a tsiku lachinayi analemba m'kope mwake: Ngakhale chuma cha dziko chagwa, anthu a mu George akugula katundu wa m'nyumba. Ili ndi phunziro lofunika kulifufuza padera. Anadula mzere kawiri pansi pake, n'kuganiza kuti akadzabwerera ku koleji limeneli lidzakhala pepala lake la chaka chomaliza.

Sabata itatha, ba Norah anamupeza kuseri kwa nyumba atagwada, akuyeza dothi ndi rula.

"Whyson, leka kusakila."

"Amama, musayope. Bakawalala sibangatichite kanthu."

"Sinikamba va kuyopa. Mvera bwino. Vija vinthu..."

Chitseko cha chimbudzi chinatseguka, ba Moven n'kutuluka akumanga lamba. Munthuyo sankachoka pa nyumba. Ankadya pomwepo, kugona m'chipinda cha malemu, ndipo paliponse pamene mayi ndi mwana aima awiri, iye ankaphukapo ngati bowa.

"Zinthu zija zatani, mlamu?"

"Nikamba kuti vinasoba, mwana asazivute."

"Msiyeni mwana agwire ntchito. Mkulu wanga sanataye thukuta lake pachabe."

Ba Norah analowa m'nyumba akukoka mapazi. Pa mphasa panali mulu wa nsalu za mayunifomu zodula kale, zimene ankayesa kusoka pamanja. Makolo awiri anali atabwera kale kudzatenga nsalu zawo n'kupita nazo kwa telala wina ku Lilanda.

Koma pamene Whyson anagwadapo panalidi kanthu. Tsiku la maliro kunagwa mvula, ndipo kuseri kwa khomo la kukhitchini, kumene sikudutsa anthu, matope anauma ndi chidindo cha tayala limodzi la wilibala. Tayalalo linali losokedwa ndi waya, moti likazungulira kamodzi linkasiya timizere titatu. Panali njira ziwiri: ina yosaya, ina yozama.

Masiku atatu otsatira Whyson anawathera m'misika, akugona chafufumimba kuyang'ana matayala a mawilibala. Mayi wina anamuthira madzi a kapenta poganiza kuti akumusuzumira. Wina anamuponyera ndalama yachitsulo poganiza kuti wazungulira mutu. Tsiku lachitatu, pa kamsika ka kumapeto kwa msewu wawo womwe, anapeza timizere titatu tija pa wilibala ya ba Hosea.

Ba Hosea anali bambo wamtali wowonda, woimba besi m'kwaya ya tchalitchi cha ba Norah. Ankanyamulira anthu makala ndi matumba a ufa, ndipo mu George monse ankadziwika ndi likhweru lake lopempha njira, limene linkamveka misewu iwiri.

"Ba Hosea, wilibala yanu inafika kuseli kwa nyumba yathu pa maliro."

"Eee. Ninaleta nkhuni zophikira bolira."

"Nkhuni zimangena, sizichoka. Manje tayala yanu inangena yopepuka, inachoka yolema. Munachosa chani?"

Ba Hosea anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pansi, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwana wa ba Fred, ine siningakambe."

"Chifukwa?"

"Siningakambe chabe. Yenda kunyumba, ukapume."

Whyson anabwerera akuyenda ngati wakwezedwa pa ntchito. Amayi ake anali atapita kukatunga madzi, choncho anafotokozera ba Moven okha, kope lili chotsegula pa bondo.

"Ni saspekiti chabe, ba ankolo, munthu woganiziridwa. Sitingamugwire. Tifunika umboni winangu, elo tikaupeza tiyenda ku polisi mwa dongosolo."

"Dzina lake wati ndani?"

"Ba Hosea. Koma monga nakamba, lamulo ikamba kuti munthu alibe mulandu mpaka..."

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Zotsalazo ndi za akuluakulu."

M'mawa mwake, Whyson ali mkati motsuka mano, anamva phokoso kuchokera kumapeto kwa msewu. Linali liwu limodzi, lobwerezedwa ndi pakamwa pambiri.

"Kawalala! Kawalala!"

Anatola kope lake n'kuthamanga, mswachi udakali m'manja. Pa kamsika anapeza ba Moven ataima pa mulu wa njerwa akuloza, ndipo pansi pake chigulu cha anthu chitaunjikana pa ba Hosea. Amene anayamba anali anyamata a pa siteshoni ya mabasi, osadziwa kanthu za nkhaniyo, koma khamu linkakula mphindi iliyonse. Mayi wina wodutsa ankamenya ndi kabichi. Bambo wina wa tayi ankaponda kwinaku akufunsa mnzake kuti kodi waba chiyani.

"Letani tayala na petulo!" wina anakuwa.

"Petulo uzaipeza kuti iwe? Pa filingi siteshoni pali laini kuchoka dzulo!"

Anthu ena anaseka, koma mapazi sanaleke. Whyson anaona nkhope ya ba Hosea pakati pa miyendo ya anthu, pakamwa pali magazi, manja ataphimba mutu. Munthuyo sankakuwa kuti sanabe. Ankangoti, "Ambuye, Ambuye," ndi besi yake ija.

Whyson anasunthira kutsogolo. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa chinthu chokhacho chimene chinalimo, khadi lake la ku koleji lotha ntchito, n'kulikweza m'mwamba pamodzi ndi mswachi.

"Lekani! Ofufuza milandu! Uyu munthu ni wanga, nifunika kumufunsa mafunso!"

Khadilo linali ndi chithunzi, chidindo ndi chingwe cha buluu. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aliwerenge. Asanamalize, Whyson anali atakoka ba Hosea m'khwapa n'kuthamangira nawo pa khomo loyandikira, limene linali la ba Virginia. Ulendo uno mayiyo anapatuka yekha, n'kuwalowetsa, n'kukhoma chitseko ndi mpiringidzo.

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la mafuta okazingira. Ba Virginia anakhazika ba Hosea pansi n'kuyamba kuwapukuta pakamwa ndi nsalu yonyowa. Dzino limodzi la kutsogolo linali litapita. Whyson anadziponya pa chinthu chachitali chofundidwa zitenje chimene chinali m'mbali mwa khoma.

Chinthucho chinamulandira. Kumanzere kwake kunali dzenje, ndipo thupi lake linatsetserekera m'menemo lokha. Sipuling'i ina pansi inalira kamodzi, kulira kumene iye anakumva madzulo alionse a moyo wake, atate ake akafika kuchokera ku ntchito n'kuvula nsapato. Anaika dzanja pa chogwirira, pansi pa chitenje, chala chake n'kupeza bowo la ndudu limene amayi ake analikalipira chaka chathunthu. Nsaluyo inkanunkhabe mafuta a injini ndi sopo wofiira.

Anachotsa chala pa bowolo. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Pakona panali tebulo lofundidwa nsalu yoyera, pamwamba pake maluwa a pulasitiki ndi chithunzi cha Mgonero wa Ambuye. Tebulolo linali ndi chopondera chachitsulo pansi.

"Wapeza," anatero ba Virginia osamuyang'ana. "Tiombe m'manja, ba ofufuza?"

"Firiji ya ba Marjory..."

"Ni yanu."

"Na TV ya Chisala."

"Na mapoto yali kwa ba busa, na matilesi yali kwa bamake Emelda. Komboni yonse iziba, Whyson. Na bakolwe ba pa bala baziba. Iwe weka."

"Manje chifukwa chani?"

Ba Virginia anafinya nsalu m'beseni, madzi n'kufiira.

"Kuno mwamuna akafa, tikalibe kuyamba kulira, timayamba tanyamula. Bazimai bamalira kutsogolo mokweza, ba Hosea bapitisa wilibala kumbuyo. Ine pamene banafa bamuna banga ba Rex ninali wopusa, ninalira chabe. Babululu babo, babale ba kwao, banabwera na lole. Banatenga na mabulangeti yamene bana banali kufunda, na mbale yamene ninali kudyeramo pa siku ija. Banan'siyira bana banayi na mbaula. Kuchoka apo tinapangana kuti mu musewu uno sivizachitikanso."

"Ninalumbira kuli amai bako," anatero ba Hosea, mawu akutuluka ndi mphepo pa gwelu latsopano. "Pa Baibulo."

Kunja khamu linkamenya chitseko. Mawu a ba Moven ankamveka pamwamba pa onse, akuti wakubayo atulutsidwe aulule kumene anabisa chuma cha a Miti. Ndiye kukhomo la kuseri kunagogoda munthu, ba Norah n'kulowa akupuma mothamanga, chitenje chitanyowa ndi madzi a pa mpope. Anayang'ana pakamwa pa ba Hosea, n'kuyang'ana mwana wawo ali mu sofa. Anapita pakona, n'kuchotsa maluwa ndi chithunzi, n'kuvundukula makina.

"Segula chitseko, Virginia. Atenge. Siningasunge chisulo munthu afe."

"Ukamupasa makina uzadya chani?"

"Nizaona."

"Amama, imani," anatero Whyson. Anavutika kutuluka m'dzenje lija, koma anatuluka. "Nine ninayamba. Lekani nisilize."

Anatsegula chitseko yekha, n'kuchikoka kumbuyo kwake. Wilibala ya ba Hosea inali itagudubuzika pafupi ndi khomo. Anakwera pamwamba pake, ikugwedera, n'kutsegula kope. Mswachi unali udakali m'dzanja lina, ndipo ankalozera nawo.

"Saspekiti namufunsa. Manje lamulo ifuna nifunse wodandaula. Wodandaula nindani?"

"Ndine!" anatero ba Moven, akudzigunda pachifuwa. "Adiministireta!"

"Chabwino. Firiji yamene inasoba ni ya mutundu bwanji?"

Ba Moven anaganiza.

"Yozizira."

Kumbuyo kwa khamu munthu wina anaphulika kuseka.

"Sofa ni ya bantu bangati?"

"Zimatengera kunenepa kwa anthuwo."

"Makina yosokera ni ya magesi olo yopondaponda?"

"Iwe mwana, ukufunsa ine kapena wakuba?"

"Munaviwonapo ivi vinthu na menso yanu?"

"Fred ankatiuza pa foni!"

"Munabwera liti komaliza kunyumba kwathu, maliro yakalibe?"

"Zaka... papita nthawi."

"Atate banadwala myezi seveni. Amama banali kubasambika, kubatembenuza, usiku basoka kuti tigule mankhwala. Tinakutumirani foni kangati? Munabwera?"

"Kunali chimanga m'munda!"

Khamu linali litakhala chete tsopano, ndipo Whyson anaona kuti kutsogolo kwadzaza amayi a mumsewu wawo, ena ndi mipango yakuda, manja ali m'chiuno. Anapitiriza.

"Lipoti yanga ni iyi. Palibe chinabedwa. Mwine wa vinthu anavichosa yeka, elo aziba kwamene vili. Lamulo ya dziko ikamba kuti katundu wa mu nyumba ni wa mukazi na bana ba malemu. Ba Hosea banathandiza mukazi wamasiye kusunga vake, ndiye mwabachosa dzino. Ine nine ninabaloza, ninalakwa. Wamene afuna kutenga vinthu va bene mu iyi nkhani alipo umozi chabe, elo lole yake ibwera pa Chibelu, Loweruka lino."

Panadutsa kamphindi anthu akuwerengera m'mutu. Mayi wa kabichi uja ndiye anayamba kutembenuka.

"Kanshi kawalala ni uyu!"

Ba Moven anatsika pa njerwa mofulumira kuposa msinkhu wawo. Anathamanga mayadi khumi, jekete likuuluka, n'kuponda pamphepete pa ngalande, n'kugweramo ndi mwendo umodzi. Khamu lomwe lija, ndi bambo wa tayi yemwe, linawathamangira ndi mtima watsopano. Whyson analumpha pa wilibala, n'kugwa, n'kudzuka, n'kukadziponya pamwamba pa ba Moven m'ngalandemo, khadi lili m'mwamba.

"Palibe kumenya munthu! Na uyu ni wanga!"

Kabichi inamupeza m'khutu. Nsapato ya wina inamupeza m'nthiti. Zikanapitirira pakanapanda likhweru limene linayesa kulira n'kukanika, n'kungotuluka mphepo ndi malovu. Anthu anatembenuka. Anali ba Hosea, milomo itatupa, akukankha wilibala yawo pakati pa khamu.

"Patukani," anatero. "Mwamenya vakwana lelo. Mukwezeni."

Motero adiministireta wa banja la a Miti anabwerera kunyumba ya mkulu wake atakhala mu wilibala, miyendo ili lende, thalauza likudontha madzi a m'ngalande, akukankhidwa ndi munthu amene anamumenyetsa. Njira yonse ankalankhula.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu a m'tauni! Iwe Whyson, kumudzi usadzapondeko. Ukadzafuna kukwatira usadzatifune. Amayi ako akulera njoka!"

"Gwirani bwino, pali bampu," anatero ba Hosea.

Ba Moven sanadikire lole. Anachoka patapita masiku awiri, m'mamawa, akutsimphina, chikwama chitafufuma kuposa mmene chinabwerera. Atapita, ba Norah anapeza kuti m'chipinda cha malemu mwatsala mahang'ala okha. Suti ya ba Fred, nsapato zawo za ku tchalitchi ndi wotchi yosayenda, zimene mayiyo ankasungira mwana wake, zinali pa ulendo wa ku Chipata.

Katundu anabwerera Loweruka lomwe lole inkayenera kubwera. Whyson ndiye ankakankha wilibala, poti nthiti za ba Hosea zinali zisanapole. Mwini wakeyo ankayenda pambali akulangiza, ndipo pofuna njira ankachita kukuwa kuti "Pepani, pepani," ngati mlendo.

"Ba Hosea, siniziba mwamene ningakambire."

"Usakambe. Kankha chabe. Mawa kuli makala ya ba Marjory, na Mande, na Chibili. Mpaka nikapole."

"Nizabwera."

"Elo uleke kugona pansi mu maliketi. Bantu bakamba."

Pofika masana zonse zinali m'malo mwake. Miyendo ya sofa inabwerera pa mawanga ake. Makina anawaika pafupi ndi zenera, ba Norah n'kuwapukuta ndi kansanza, kuwathira mafuta, n'kukoka mulu wa mayunifomu amene anatsala. Anthu atabalalika, mayi ndi mwana anatsala awiri kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro.

"Mukananiuza chabe, amama."

"Iwe? Nkhope yako ni windo. Ba ankolo bako bakanakufunsa kamozi, ukanabapasa na mapu."

"Koma tayala ninaipeza neka."

"Unaipeza. Zaka zibili ku koleji, atate bako kuyenda na mendo ku nchito kuti iwe ukwere basi. Firiji unamwamo manzi, TV unaipenya. Pa last mulandu waugwira na matako."

Whyson anaseka. Anaseka mpaka anafuna pokhala, ndipo anakhala kumanzere kwa sofa, m'dzenje lija, sipuling'i n'kulira kamodzi. Kusekako kunapitirira pang'ono, kenako kunasintha njira. Anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, ndipo mawu amene anatuluka anali aakulu, osakongola, a mwana wamng'ono.

Ba Norah sanamuyang'ane. Analowetsa ulusi pa singano, n'kuika kolala ya yunifomu pansi pake, n'kuyamba kupondaponda. Makoma a mu George ndi opyapyala, ndipo mwana wawo anali atasekedwa kale mokwanira mwezi umenewo. Kolala itatha, iwo anapondabe mwamphamvu, singano ikubaya mphepo, kufikira mnyamatayo atamaliza.